Mpweya Umene Umaswa Miyala: Nayitrojeni, Makompyuta ndi Migodi ya ku Kwekwe

Nkhani yophunzitsa yokambidwa kwa makolo ndi ophunzira olankhula Chichewa ku Kwekwe

 

Pali funso limene akatswiri a kemisitiri ku America, Germany ndi China akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 30. Funso lake ndi ili: kodi n'zotheka kupanga chinthu cha nayitrojeni yekhayekha, chosasakaniza ndi kanthu kena, chosunga mphamvu zochuluka, koma chotha kukhala phee m'nkhokwe mpaka tsiku limene munthu wafuna kuti chigwire ntchito? Mayankho ambiri a funsoli sanayambire m'mabotolo a mu labotale. Anayambira pa kompyuta. Mwina wina akuti, nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife a m'komboni? Ine ndikuti m'Zimbabwe monse mulibe tauni ina imene nkhani ya nayitrojeni ili yakeyake kuposa Kwekwe.

Tauni ino inamera pa golide. Mgodi wa Globe and Phoenix unayamba cha m'ma 1894, ndipo pambuyo pake kunabwera chitsulo ku Redcliff ndi ng'anjo za kromu. Agogo athu anachoka ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, kudzagwira ntchito m'migodi ya dziko lino. Ambiri anatchona, ndipo ife ndife zidzukulu zawo. Ntchito yawo pansi inali kuboola mwala, kulongamo zophulitsa, kuthawa, kudikira utsi uthe, kenako kubwerera kukafosholo. Dainamaiti amene Alfred Nobel anamulembetsa mu 1867 ali ndi nayitrojeni. TNT ali ndi nayitrojeni. Ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1950, migodi yambiri padziko inatembenukira kwa amoniyamu naitreti, yemwe tonse timangoti AN, feteleza wobereketsa yemweyu amene amayi amathira ku chimanga chikafika m'mawondo.

AN ameneyo kwawo ndi kuno. Kumpoto kwa tauni, panjira ya ku Harare, kuli fakitale ya Sable Chemical Industries. Inayamba kupanga AN mu 1969, m'nthawi ya Ian Smith, maiko akunja atatseka malonda ndi Rhodesia chifukwa cha UDI ya 1965. Poyamba amoniya ankachita kuitanitsa kunja. Mu 1972 anayamba kumupanga pompano, ndipo njira imene anasankha ndi yochititsa chidwi mpaka lero. Mafakitale ambiri padziko amatenga haidrojeni ku gasi wa pansi pa nthaka kapena ku malasha. A Sable ankamutenga m'madzi: magetsi a ku Kariba ankang'amba madzi kukhala haidrojeni ndi okosijeni. Nayitrojeni ankamutenga mumpweya womwewu, pouziziritsa mpaka usanduke madzimadzi n'kuupatula. Makina ong'amba madziwo anali m'gulu la aakulu kwambiri padziko lonse, ndipo ankadya magetsi pafupifupi mamegawati 100. Okosijeni wotsala ankapita pa paipi ku Zisco, fakitale ya chitsulo ya ku Redcliff ija. Gawo limeneli linatsekedwa mu 2015 chifukwa cha vuto la magetsi, kampani n'kubwerera kwa amoniya wobwera pa sitima kuchokera ku South Africa. Zimandipweteka ndikaona kuti lero maiko olemera akuthamangira njira yomweyi ya madzi ndi magetsi monga chinthu chatsopano, pamene anthu a kuno, ena mwa iwo muli nawo m'mabanja mwanu, anaiyendetsa kwa zaka zoposa 40.

Tsopano tiyeni tilowe mkati mwa nayitrojeni mwini.

Pa magawo 100 alionse a mpweya umene tikupuma muno, magawo 78 ndi nayitrojeni. Sayaka, sanunkha, timamupuma n'kumutulutsa osasintha. Chimanga chimamufuna, koma ngakhale wachizungulira mbali zonse sichingathe kumutapa, n'chifukwa chake chimachita chikasu feteleza akasowa. Nyemba, soya, mtedza, nandolo ndi zina zotere zokha ndi zimene zili ndi tizilombo m'mizu totha kumugwira. Chimene chimamuchititsa ulesi chotere ndi chakuti maatomu ake amayenda awiriawiri, ogwirana ndi bondi ya patatu, imodzi mwa mabondi olimba kwambiri amene akatswiri amawadziwa. Awiri ogwiranawo timawalemba kuti N2. Kuwalekanitsa kunavuta anthu mpaka Fritz Haber anaonetsa njira mu 1909, ndipo Carl Bosch anamanga fakitale yoyamba ku Oppau, m'dziko la Germany, mu 1913. Njira yawo imalira kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 ndi kupanikiza mpweya kowirikiza ka 100 ndi kuposa.

Ophunzira, lembani manambala atatu awa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kuti muthyole bondi ya patatu ya nayitrojeni pamafunika makilojuli 945 pa molo imodzi. Bondi ya pawiri imafuna pafupifupi 418. Bondi ya kamodzi imafuna pafupifupi 160 basi. Taonani kusiyana kwake. Mabondi atatu a kamodzi mukawaphatikiza akukwana 480, theka chabe la bondi imodzi ya patatu. Kaboni sachita choncho. Kwa iye bondi ya kamodzi ili pafupifupi 347 ndipo ya patatu ili pafupifupi 839, kotero mabondi atatu a kamodzi amapambana imodzi ya patatu. N'chifukwa chake kaboni amakonda kulumikizana m'mizere italiitali, n'kutipatsa nkhuni, shuga, dizilo, malasha a ku Hwange ndi matupi athu omwewa. Nayitrojeni ayi. Mukamukakamiza kulumikizana m'mzere wa mabondi ofooka, amangofuna kubwerera kwa awiriawiri, ndipo pobwerera amataya mphamvu yonse yotsalayo ngati kutentha ndi mpweya wofufuma mwadzidzidzi.

Zophulitsa zimene timazidziwa kuno zimagwira ntchito mosiyanako. Mwa izo nayitrojeni amanyamula okosijeni n'kumukhazika pafupi ndi kaboni ndi haidrojeni. Detoneta ikalira, kaboni ndi haidrojeni zimapsa m'kanthawi kosaoneka, nayitrojeni n'kubwerera ku N2. Zikayenda bwino, utsi wake ndi nthunzi ya madzi, kaboni dayokisaidi ndi nayitrojeni. Koma ndani mwa inu amene analowapo pansi sadziwa kuti sizimayenda bwino nthawi zonse? Dzenje likakhala lonyowa, kapena zophulitsazo zikakhala zoonongeka, pamatuluka utsi wofiirira, wotuwira ngati dzimbiri. Umenewo ndi nayitrojeni dayokisaidi. Munthu akaupuma amatha kutuluka bwinobwino, kudya nsima kunyumba, ndiye usiku mapapo n'kudzaza madzi. Pamakhalanso kaboni monokisaidi, amene alibe mtundu kapena fungo. Maganizo a akatswiri amene ndikukamba ndi akuti tichotse kupsako, tichotse kaboni ndi okosijeni yemwe, titsale ndi nayitrojeni yekha. Chinthu chotero chikaphulika chingasiye N2 basi, mpweya umene uli kale muno. Ngakhale pamenepo mgodi ungafunikebe mafani, chifukwa nayitrojeni akadzaza malo opanikizika amathamangitsa okosijeni, koma utsi wa poizoni sukanakhalapo.

Tiyeni tiyese masamu pa bolodi. Tengani maatomu anayi a nayitrojeni, muwakhazike ngati kapiramidi ka makona anayi, aliyense agwirane ndi anzake atatu. Mabondi a kamodzi akukwana 6, ndipo 6 kuchulukitsa ndi 160 ndi 960. Maatomu anayi omwewo akakhala awiriawiri ali ndi mabondi awiri a patatu, kutanthauza 1,890. Kusiyana kwake ndi 930. Imeneyo ndi mphamvu imene N4 wotereyu angatulutse, malinga ndi masamu a pa bolodi. Mawerengedwe osamala a pa kompyuta amatsitsa nambalayi kufika cha m'ma 770, komabe pa kulemera kofanana ndi yoposa ya TNT kuwirikiza katatu. Mwana wa Fomu 4 angawerenge zimenezi m'mphindi zochepa. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino: kuwerenga kuchuluka kwa mphamvu n'kosavuta, ndipo aliyense angajambule papepala molekyu yoopsa kuposa inzake. Chovuta, chimene chadya zaka za anthu anzeru, ndi kudziwa ngati molekyuyo ingakhale ndithu osaphwasuka yokha.

Ganizani za damu la Sebakwe, kumene kumachokera madzi amene timamwa. Madzi ali mmenemo ali ndi mphamvu chifukwa ali pamwamba ndipo amafuna kutsika. Chimene chimawaletsa ndi khoma. Mukandiuza kuchuluka kwa madzi okha simunandiuze ngati ndingamange nyumba kumunsi kwake; ndiyenera kudziwa kutalika kwa khoma, ndiponso ngati lilibe mng'alu. Molekyu iliyonse yosunga mphamvu ili ndi khoma lake, ndiye kuti mphamvu imene iyenera kuyamba yapatsidwa kuti iyambe kuphwasuka. Ntchito yaikulu ya kompyuta m'nkhani ino ndi kuyeza khoma limenelo, pa chinthu chimene palibe munthu anachionapo.

Imachita bwanji? Mu 1926 Erwin Schrödinger analemba lamulo la masamu lofotokoza mmene maelekitironi amakhalira mozungulira maatomu. Lamuloli ndi loona, koma maelekitironi akangopitirira imodzi palibe amene angapeze yankho lake lenileni ndi pensulo. Choncho anthu anapeza njira zoyandikira yankholo pang'onopang'ono, ndipo awiri mwa iwo, John Pople ndi Walter Kohn, analandira mphoto ya Nobel mu 1998. Wofufuza amauza kompyuta kuti pali maatomu angati ndipo akhala pati. Kompyuta imawerenga mphamvu ya kakhalidwe kameneko, imasuntha maatomu pang'ono, imawerenganso, mpaka itapeza pamene mphamvu yatsikitsitsa. Kenako imayesa kugwedeza maatomuwo mbali zonse. Ngati mbali iliyonse akubwerera pamalo pake, ndiye kuti molekyuyo ilipo, ngakhale papepala. Ngati pali mbali imodzi imene akangosuntha sabwereranso, chojambulacho ndi maloto chabe. Pomaliza, ndipo apa ndi pofunika luso, wofufuza amasakasaka njira yosavuta kwambiri imene molekyuyo ingaphwasukire, n'kuyeza pamwamba pake. Kumeneko ndiye kutalika kwa khoma.

Kutalikako kumasanduka nthawi. Pa kutentha kwa m'chipinda chino, khoma likakwera ndi makilojuli pafupifupi 6 okha, moyo wa molekyu umatalika kuwirikiza ka 10. Khoma la 60 limapereka moyo wosakwana sekondi imodzi. Khoma la 125 limapereka zaka makumi angapo. N'chifukwa chake ofufuza safuna kumva za chinthu chimene khoma lake silikufika cha m'ma 125, ngati cholinga n'kuchisunga m'nkhokwe. N'chifukwa chakenso kulakwitsa pang'ono powerenga kumasocheretsa kwambiri: kuphonya ndi makilojuli 12 ndiye kuphonya moyo wa chinthucho kuwirikiza ka 100.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makompyuta anali atakula mokwanira kuyesa zimenezi. Mu 1992 gulu la Rodney Bartlett ku University of Florida linafalitsa mawerengedwe a mamolekyu atatu: N4 wa kapiramidi uja, N6 wozungulira ngati mphete, ndi N8 wooneka ngati kabokosi ka makona 8. Mphete ya N6 inalephera msanga, chifukwa khoma lake ndi losanunkha kanthu. Kabokosi ka N8 kanasangalatsa anthu kwa kanthawi, popeza mphamvu yake papepala ndi yaikulu zedi, koma mawerengedwe otsatira anapeza kuti pali njira yachidule yophwasukira ndipo khoma lake ndi lalifupi. N4 ndiye anaoneka wolimba. Khoma lake linatuluka cha m'ma 250, kuwirikiza kawiri chimene chimafunika. Koma chaka chomwecho cha 1992, David Yarkony wa ku Johns Hopkins University anaonetsa kuti khomalo lili ndi mng'alu chapakati. Maelekitironi a molekyuyi amatha kusintha kazunguliridwe kawo, n'kutsegula njira ina yophwasukira pa msinkhu wosafika theka la khoma lija. Kompyuta ya oyambawo sinanamepo. Inayankha funso limene inafunsidwa, koma panali funso lina limene linali lisanafunsidwe. Mpaka lero N4 wa kapiramidi sanasungidwepo m'botolo. N4 amene Fulvio Cacace ndi anzake anamuona ku Rome mu 2002 anali wa mzere, ndipo umboni wawo unali wakuti amakhala moyo kupitirira gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi.

Ndakhalitsa pa N4 dala. Achinyamata ambiri masiku ano amaganiza kuti chotuluka pa kompyuta ndi chilungamo chomaliza. Si choncho. Kompyuta imayeza njira zimene munthu waiuza kuti iyeze, ndipo chinthu chophulika chimangofuna njira imodzi yokha imene inu mwaiwala.

Koma pali nthawi zimene mawerengedwe anatsogolera bwino, ndipo n'zokoma kuzimva. Kuyambira kalekale anthu ankadziwa N2. Mu 1890 Theodor Curtius anapeza gulu la maatomu atatu lotchedwa azaidi. Ameneyu si mlendo kwa anthu a m'migodi, chifukwa azaidi wa mtovu wakhala m'madetoneta kwa zaka zoposa 100, ndipo azaidi wa sodiyamu ndi amene ankafufumitsa matumba oteteza anthu pa ngozi m'magalimoto ambiri. Kuchoka apo panadutsa zaka zoposa 100 popanda wina wopeza gulu lina la nayitrojeni yekhayekha lotha kusungika. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1991 Pekka Pyykkö ndi Nino Runeberg ku Helsinki anawerengera kuti maatomu asanu okhala ngati chilembo cha V, atachotsedwa elekitironi imodzi, angathe kukhazikika. Mu 1999 Karl Christe ndi anzake, pa labotale ya asilikali a m'mlengalenga a America ku Edwards, m'chigawo cha California, analengeza kuti amupanga N5+ ameneyo. Anadziwa bwanji kuti ndi iyeyo, poti maatomu saoneka ndi maso? Molekyu iliyonse imanjenjemera mwa njira yakeyake ndipo imameza kuwala kwa mitundu yakeyake. Kompyuta inali itawerengeratu manjenjemeredwe a N5+, ndipo zimene makina anayeza pa ufa woyera umene anapangawo zinafanana ndi zowerengedwa zija. Mchere woyambawo unali waukali kwambiri. Patapita zaka ziwiri anapeza wina wopirira kutentha mpaka madigiri 70.

Chisangalalo chinali chachikulu, koma N5+ sakhala yekha. Amafuna mnzake wa chaji yotsutsana naye, ndipo anzake amene anamukhazika mtima pansi anali olemera, a aseniki kapena antimoni ndi fulorini. Anthu anati, bwanji osamukwatitsa kwa azaidi, kapena kwa N5 wa chaji yotsutsana, kuti tipeze mchere wa nayitrojeni yekhayekha? Mu 2002 mawerengedwe a gulu la Bartlett anapereka chiyembekezo. Mu 2004 David Dixon, Christe ndi anzawo anawerenganso mozama n'kunena kuti mchere wotero sungakhazikike, ndipo atayesa kukumanitsa N5+ ndi azaidi zinthu zinaphwasuka nthawi yomweyo ngakhale pozizira kwambiri. Magulu awiri a akatswiri, onse odziwa ntchito yawo, anasiyana, ndipo chinawaweruza ndi kuyesa kwenikweni. Umu ndi mmene sayansi imayendera ikakhala yathanzi.

Zina ndingozitchula mwachidule. Mu 1992 akatswiri a ku Lawrence Livermore anawerengera kuti nayitrojeni atapanikizidwa koopsa angasanduke chinthu cholimba chimene atomu iliyonse yagwirana ndi zitatu ndi mabondi a kamodzi. Mu 2004 Mikhail Eremets ndi anzake ku Mainz anachipangadi, pakati pa nsonga ziwiri za dayamondi, pa kupanikiza koposa mpweya wa panja kuwirikiza ka 1,000,000 ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,700. Atayamba kumasula, chinabwerera ku N2. Mu 2017 ofufuza a ku Nanjing University of Science and Technology anapatula mphete ya maatomu asanu ya chaji yotsutsana ija, mu mchere wopirira mpaka madigiri 117, koma mcherewo uli ndi zinthu zina zouchirikiza.

Nkhani ina yaikulu ndi ya June 2025. Weiyu Qian, Artur Mardyukov ndi Peter Schreiner a ku yunivesite ya Giessen ku Germany anafalitsa mu magazini ya Nature kuti apanga N6, osati wa mphete, koma wa mzere, magulu awiri a maatomu atatu ogwirana pakati. Iyi ndi molekyu ya nayitrojeni yekhayekha, yopanda chaji, yosafuna mnzake woichirikiza. Mawerengedwe awo akuti ikaphwasuka kukhala ma N2 atatu imatulutsa makilojuli pafupifupi 775 pa molo, ndiye kuti pa kulemera kofanana imaposa TNT kuwirikiza kawiri ndi pang'ono. Nanga khoma? Makilojuli 62. Bwererani ku zimene ndinanena zija, muona nokha tanthauzo lake. Pa kutentha kwa muno theka la N6 limatha m'mamilisekondi pafupifupi 36, musanamalize n'kuphethira komwe. Koma pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, pamene nayitrojeni amakhala madzimadzi, mawerengedwe omwewo akuti angakhale zaka zoposa 100. Anamugwira pomuziziritsa mofulumira, ndipo anamuzindikira mwa njira ija yofananitsa manjenjemeredwe owerengedwa ndi oyezedwa. Kuzizira kumeneko si kwachilendo kwa anthu a kuno. Ndi komwe makina opatula mpweya amafika, ndipo ndi komwe alangizi a ziweto amasungira mbewu ya ng'ombe zamphongo.

Ndiye kodi N6 afika liti m'migodi ya kuno? Ndikuyankhani mosapita m'mbali: ine sindikumuona akufika m'masiku athu. Chinthu chofuna kusungidwa pa madigiri 196 kunsi kwa ziro sichingakwere lole, sichingatsike m'shafuti, sichingalongedwe m'dzenje la mwala wotentha. AN anagonjetsa dainamaiti m'migodi yambiri osati chifukwa ndi wamphamvu kuposa, koma chifukwa ndi wotchipa ndipo khoma lake ndi lalitali. Mungamugwetse, mungamunyamule pa ngolo, sachita kanthu. Phindu la N6 pakali pano ndi chidziwitso. Waonetsa kuti mawerengedwe afika poti angalosere chinthu chimene chilengedwe sichinapangepo pano padziko, anthu n'kukachipeza monga momwe ananenera.

Komabe khoma la AN nalonso limagwa, ndipo apa ndikulankhula kwa makolo ndi kwa achimwene athu makorokoza, okumba golide pawokha. Kutentha kwa moto, kutsekeredwa pamalo opanikizika, ndi kusakanikirana ndi mafuta kapena zonyansa zina kumalifupikitsa. Ku Oppau komwe kuja, pa 21 September 1921, feteleza wokhala ndi AN anali ataumbika m'nkhokwe, ndipo ankamuswa ndi zophulitsa monga ankachitira nthawi zonse. Tsiku limenelo nkhokwe inaphulika, anthu oposa 500 anafa. Pa 4 August 2020, matani 2,750 a AN amene anakhala zaka zingapo m'nyumba yosungira katundu padoko la Beirut anaphulika moto utabuka, anthu oposa 200 anafa. Kuno kwathu, mu March 2023, kalasi ya pa sukulu ya pulaimale ya Globe and Phoenix inatitimira ana ali mkati, chifukwa pansi pake panali patakumbidwa. Ndikudziwa kuti ntchito zinatha, kuti Zisco inazima, kuti golide ndi amene akudyetsa mabanja ambiri muno. Sindikunyoza munthu wofuna chakudya cha ana ake. Koma zophulitsa ndi madetoneta malo ake si kunsi kwa bedi m'nyumba ya m'komboni ya Mbizo, momwe muli mbaula ndi ana. Matumba a feteleza asagone pamodzi ndi zigubu za dizilo kapena pafupi ndi moto. Ndipo mukaphulitsa, musathamangire kulowa chifukwa choopa kuti anzanu akutsogolerani pa mwala. Mukapuma utsi wofiirira uja pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mukudzimva bwino.

Pali chinthu china chimene sindingabise. Ndalama zambiri za kafukufuku wa nayitrojeni yekhayekha zimachokera kwa asilikali ndi kwa opanga maroketi. Christe ankagwira ntchito pa labotale ya asilikali. Haber yemwe uja, amene njira yake ikudyetsa anthu mabiliyoni, ndi yemwenso anatsogolera kugwiritsa ntchito mpweya wa poizoni pa nkhondo mu 1915. Ena angati ndiye ife tisalowemo. Ine ndikuona mwina. Anthu osadziwa kemisitiri sapulumuka ku zoopsa zake, amangokhala ogula, onyamula ndi opuma utsi, monga anachitira agogo athu. Ndipo njira zowerengera zimene zinayeza khoma la N6 ndi zomwezo zimene zingayankhe mafunso athu. Kodi pali chothandizira china chimene chingathyole bondi ya N2 popanda kutentha ndi kupanikiza konse kuja, kuti kupanga amoniya kutchipe? Kodi n'chiyani chingalowe m'malo mwa mtovu m'madetoneta? Kodi ndi mankhwala ati amene angagwire golide bwino, kuti mekyule ndi sayanaidi zichepe m'mitsinje ya Sebakwe ndi Kwekwe? Onsewa ndi mafunso a mabondi, mphamvu ndi makoma. Mlimi wa ku Lilongwe kapena ku Katete amene akulira mtengo wa thumba la yuriya akulira nkhani yomweyi.

Chimene chikundilimbitsa mtima ndi chakuti nthambi iyi ya sayansi siifuna chuma chimene tilibe. Sitingagule nsonga za dayamondi za ku Mainz. Koma mawerengedwe a N4 amene mu 1992 ankafuna makompyuta akuluakulu a ku America, lero amatheka pa laputopu ya wophunzira. Mapulogalamu monga Psi4 ndi NWChem ndi aulere kwa aliyense, ndipo ORCA ndi yaulere kwa ophunzira ndi ofufuza a m'mayunivesite. Ntchito ikakula, dziko lino lili ndi malo a makompyuta amphamvu, Zimbabwe Centre for High Performance Computing, amene anatsegulidwa ku University of Zimbabwe mu 2015. Kwekwe Polytechnic ili pakhomo pompano, Midlands State University ili ku Gweru, NUST ili ku Bulawayo, ndipo kwa amene ali ndi abale kumudzi, kuli University of Malawi ku Zomba ndi MUST ku Thyolo. Kuyeza khoma la molekyu pa kompyuta sikuphulitsa chala cha munthu.

Choncho, achinyamata, yambani ndi zazing'ono. Werengerani N2, madzi ndi amoniya, mufananitse ndi zimene zili m'buku lanu, muone pamene kompyuta ikulondola ndi pamene ikuphonya. Musathawe masamu ndi fizikisi, chifukwa popanda zimenezo mudzangodina mabatani osadziwa chimene mwafunsa. Aphunzitsi anzanga, manambala atatu aja, 945, 418 ndi 160, alembeni pa bolodi sabata ikubwerayi, ndipo muwauze ana kuti fakitale imene amaiona panjira ya ku Harare inamangidwa pa nambala yoyambayo. Inu makolo ndi agogo, mwana akakhala ndi mutu wa masamu, kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata, musamutulutse sukulu kuti akapete golide kumtsinje. Mulipirireni mayeso, ndipo amene munagwirapo ntchito ku Sable, ku Zisco kapena pansi pa mgodi, khalani naye pansi mumufotokozere zimene munaona ndi mmene makina aja ankayendera.